Fomu ya EQ-5D m'midzi ya ku Chiradzulu: ikuyeza moyo wa munthu kapena miyendo yake?

Pa mafomu onse amene ife ochita kafukufuku timatumiza m'midzi pofuna kudziwa momwe moyo wa anthu ukuyendera, imodzi mwa zokondedwa kwambiri ndi EQ-5D. Zifukwa zake n'zomveka. Ili ndi mafunso asanu okha, imatha m'mphindi zochepa, ndipo pamapeto pake imatulutsa nambala imodzi yomwe akatswiri a zachuma amatha kuilowetsa m'masamu awo. Mu 2017 Linda Chokotho ndi anzake anasindikiza mu Malawi Medical Journal zotsatira za ntchito yoyesa fomuyi m'Chichewa pakati pa odwala ovulala mafupa pa chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, ndipo anapeza kuti ndi yodalirika. Ntchito imeneyo inali yofunika, ndipo si imene ndikutsutsa pano. Chomwe ndikutsutsa ndi kutenga fomu yomwe inayesedwa pa munthu wothyoka mwendo amene akudikira kuchira, n'kupita nayo kwa munthu amene wakhala ndi ulumali zaka 30, kenako n'kulemba mu lipoti kuti tayeza ubwino wa moyo wake.

Boma la Chiradzulu lili ndi zambiri zoonetsa pomwe fomuyi imathera mphamvu. Ndi boma laling'ono koma lodzaza: kalembera wa 2018 anapezamo anthu 356,875. Kuli mapiri, makwawa ndi tinjira tomwe nthawi ya dzinja timasanduka matope okhaokha. Ku Nguludi kuli koleji ya Montfort yosula aphunzitsi a maphunziro apadera komanso sukulu ya ana osamva ya Mary View, kotero anthu aulumali ophunzira, odziwa kudziyankhulira okha, si achilendo kumeneko. Ndi m'boma lomweli momwe bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV mu 2001, ndiye muli anthu amene akhala akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku kwa zaka zoposa 20. Za amenewa ndibwererako kutsogoloku.

Tisanatsegule fomuyo, tikumbukire zomwe kalembera anatiphunzitsa. Mu 2008 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 4 pa 100 aliwonse anali ndi ulumali. Mu 2018 anapeza 10.4 pa 100 aliwonse a zaka zisanu kapena kuposerapo. Sikuti pakati pa zaka ziwirizi kunagwa mliri wolumalitsa anthu. Mafunso ndi amene anasintha, chifukwa a 2018 anatsamira pa njira ya gulu la akatswiri lotchedwa Washington Group ndipo anakhudza mavuto ochuluka kuposa akale. Nambala imatengera funso lomwe laibala. Ngati zili choncho pongowerenga anthu, kuli bwanji pofuna kuyeza chinthu chovuta kuchigwira ngati ubwino wa moyo?

Mafunso asanu a EQ-5D ndi a kuyenda, kudzisamalira monga kusamba ndi kuvala, ntchito za masiku onse, ululu, ndi nkhawa kapena kukhumudwa. Mu mtundu wa mayankho atatu, womwe ndi umene unayesedwa ku Blantyre, funso loyamba limapatsa munthu zosankha izi: alibe vuto poyenda, ali ndi vuto pang'ono poyenda, kapena amangokhala chigonere pabedi.

Tiyerekeze mayi wa ku Namitambo amene anapuwala miyendo ndi poliyo ali mwana. Sayenda ndi miyendo ngakhale sitepe imodzi. Ali ndi njinga yopalasa ndi manja, amagulitsa tomato pamsika, ali m'gulu la banki m'khonde, ndipo Lamlungu amaimba kwaya. Inu alangizi a zaumoyo mwakhala pakhonde pawo, fomu ili m'manja. Muchonga pati? Chigonere sali, poti mwawapeza akuchokera kumsika. Kunena kuti ali ndi vuto pang'ono n'kunama, chifukwa sayenda n'komwe. Eni akewo mwina anganene kuti alibe vuto, poti amafika kumene akufuna, koma fomu yafunsa za kuyenda, osati za kufika. Mayankho onse atatu sakuwakwana. Malamulo a kafukufuku amati woyankha ndiye asankhe, koma tonse tikudziwa zomwe zimachitika pakhonde: munthu akasowa chosankha amayang'ana wofunsa n'kunena kuti, "Inuyo mukuona kuti tilembe chiyani?" Pamenepo alangizi awiri angachoke pakhomo limodzi ndi mayankho awiri osiyana.

Kusiyanako si kochepa. Mayankho asanu aja amasandutsidwa nambala imodzi, pomwe 1 ndi thanzi langwiro ndipo 0 ndi imfa. Kafukufuku wambiri wa kuno kwathu wakhala akubwereka sikelo ya ku Zimbabwe, yomwe Jennifer Jelsma ndi anzake anasindikiza mu 2003. Pa sikelo imeneyo, munthu wa vuto pang'ono poyenda, zina zonse zili bwino, amapeza 0.844. Akachongedwa kuti ali chigonere, amatsikira pa 0.696. Akati alibe vuto lililonse, ali pa 1. Mayi mmodzi yemweyo, tsiku limodzi lomwelo, angapezeke pa nambala iliyonse mwa zitatuzi malinga ndi amene wagwira cholembera.

Eni fomuyi, gulu la EuroQol, anatulutsa mtundu watsopano wa mayankho asanu, ndipo mmenemo mawu a bedi aja anachotsedwa n'kuikapo oti munthu sangathe kuyenda. Chisokonezo chinachepa, zoona. Koma taonani zomwe zachitikira mayi athu aja. Tsopano ali ndi bokosi lawo lenileni, lomwe ndi lotsikitsitsa pa onse, ndipo akhalamo moyo wawo wonse. Kaya muwapatse njinga yatsopano, kaya muwalande yomwe ali nayo, funso loyamba silisuntha. Funso la ntchito za masiku onse lingasunthe pang'ono, koma kusintha konse kwa pakati pa munthu wokwawa pabwalo la nyumba yake ndi munthu wokafika kumsika kwapanikizidwa m'funso limodzi lokha.

Nanga manambala a sikelowo anachokera kuti? Apa ndi pomwe ndikufuna kuti aliyense wonyamula fomuyi amvetse bwino. Ku Zimbabwe anafunsa anthu wamba a m'dera lina la mzinda wa Harare, ambiri mwa iwo opanda ulumali. Ankawafotokozera mkhalidwe wina wa thupi n'kuwafunsa kuti angalole kutaya zaka zingati za moyo wawo kuti aupewe. Mayiko ambiri amapanga masikelo awo motero. Choncho 0.696 ija si mawu a munthu woyendera njinga. Ndi mantha a munthu woyenda ndi miyendo akamaganiza zoti tsiku lina sadzayendanso. Mantha amenewo ndi enieni, koma amasiyana ndi zomwe eni ake amanena. Mu 1999 Gary Albrecht ndi Patrick Devlieger anacheza ndi anthu aulumali 153 ku United States, ndipo 54 pa 100 aliwonse mwa omwe anali ndi ulumali waukulu ndithu ananena kuti moyo wawo ndi wabwino kapena wabwino kwambiri. Akatswiri anachitcha chinthu chodabwitsa. Ine ndimaona kuti odabwawo anali akatswiri okha.

Wina anganene kuti iyi ndi mikangano ya m'makalasi a ku koleji, yosakhudza ntchito ya m'mudzi. Imakhudza, chifukwa manambalawa amakathera pomwe ndalama zimagawidwa. Nambala ya EQ-5D ndiyo imabala muyezo wotchedwa QALY: chaka chimodzi cha thanzi langwiro chimawerengedwa 1, chaka cha munthu wa pa 0.7 chimawerengedwa 0.7. Opereka thandizo amafunsa kuti ntchito yakutiyakuti yagula ma QALY angati pa dola iliyonse. Ntchito yomanga zimbudzi zolowamo njinga, yophunzitsa makolo chinenero chamanja, kapena yokonza njira yopita kumjigo, ikayezedwa ndi fomu yosaona zinthu zimenezi, imaoneka ngati yadya ndalama pachabe. Ndipo chaka chowonjezedwa pa moyo wa munthu waulumali chimalemera pang'ono poyerekeza ndi cha mnzake, nkhani yomwe bungwe la boma la United States la National Council on Disability linadandaula nayo mu lipoti lake la 2019. Kuno kwathu masamu amtunduwu analowa kale. Pokonza mndandanda wa thandizo lofunika la zaumoyo mu ndondomeko ya unduna ya 2017 mpaka 2022, anagwiritsa ntchito DALY, yomwe ndi msuweni wa QALY, ndipo akatswiri a ku University of York pamodzi ndi a kuno anawerengera malire a madola 61 pa DALY iliyonse yopewedwa. Dziko la ndalama zochepa liyenera kusankha, palibe angakane. Koma pa malire otsika chonchi, ntchito yomwe phindu lake silinalembedwe ilibe mwayi ngakhale pang'ono.

Tsopano tione zomwe fomuyi siifunsa n'komwe. Mulibe funso la kumva. Mulibe la kuona. Mnyamata amene anamaliza ku Mary View n'kubwerera kumudzi amayenda, amasamba, amalima, samva ululu. Angapeze 1, thanzi langwiro, pomwe kuchipatala amatuluka osamvana ndi dokotala, ndipo pamsonkhano wa mfumu amangoyang'ana milomo ya anthu. Munthu wachialubino nayenso angadutse mafunso anayi oyamba opanda vuto. Chiyambire kuchuluka kwa nkhanza zowachitira mu 2014, moyo wa ambiri a iwo umadalira ngati chitseko chili ndi loko, ngati mwana ali ndi womuperekeza kusukulu, ngati mafuta oteteza khungu afika kuchipatala chaching'ono. Zonsezi fomu imaziunjika pa mawu amodzi akuti nkhawa, ngati kuti vuto lili m'mutu mwa munthuyo. Ngakhale kalembera wa 2018 anachita kufunsa za chialubino ndi khunyu padera, chifukwa mafunso a kuvutika kwa thupi sakanawapeza, ndipo anawerenga anthu achialubino 134,636.

Namondwe wa Freddy anaonetsa mfundo yomweyi mwankhanza. Mu March 2023 matope ochokera kuphiri anakokolola mudzi wa Ntauchira kwa T/A Likoswe, ndipo m'madera ambiri a kum'mwera milatho ndi misewu zinaduka. Munthu wosaona amene analoweza njira ya kumjigo ndi mapazi ake, njirayo itakokoloka, maso ake anali chimodzimodzi monga dzulo lake. Chomwe chinasintha ndi dziko lomuzungulira. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe Malawi inavomereza mu 2009, limanena kuti ulumali umabadwa pomwe vuto la thupi lakumana ndi zotchinga za m'malo amene munthu akukhala, ndipo ndime 31 imauza mayiko kusonkhanitsa ziwerengero zothandiza kupeza zotchingazo. Fomu yofunsa za thupi lokha ikugwira theka la ntchito yomwe tinalonjeza.

Ilipo fomu ina yomwe ndimaiona kuti ikuyandikira chilungamo: WHOQOL-BREF ya bungwe la World Health Organization. Tim Colbourn ndi anzake anaimasulira m'Chichewa n'kuiyesa ku Lilongwe, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2012. Ili ndi mafunso 26 m'magawo anayi: thupi, maganizo, ubale ndi anthu, ndi malo okhala. Gawo lomalizali lili ndi mafunso asanu ndi atatu, okhudza chitetezo, ndalama, kupeza uthenga, nyumba, mayendedwe, kufikira chipatala ndi zina. Funso lake la kuyenda silifunsa za miyendo koma ngati munthu amatha kufika kumene akufuna, ndiye njinga ya mayi aja imaoneka. Mnyamata wa ku Mary View ali ndi pokanena kuti uthenga sumufika. Wachialubino ali ndi funso la chitetezo lakelake.

Komabe nayo ili ndi minga. Funso lachinayi limafunsa kuti munthu amadalira thandizo la mankhwala mochuluka bwanji kuti akwanitse za tsiku ndi tsiku, ndipo wodalira kwambiri amachotseredwa mapointi. Ganizirani bambo wa ku Chiradzulu amene anayamba ma ARV m'zaka zoyambirira zija, ali ndi mphamvu, akulima, waona zidzukulu. Kapena mtsikana wa khunyu amene sanagwe kwa zaka zitatu chifukwa amamwa mankhwala osadumphitsa. Akayankha moona, fomu imawalanga chifukwa cha chinthu chomwe ife azaumoyo timachiyesa chipambano. Funso la 21, lokhudza kukhutira ndi moyo wogonana, ndi lovuta pakhonde pomwe apongozi akhala pamphasa chapafupi. Choipa kwambiri n'chakuti ofunsa ena amalidumpha akafika pa munthu waulumali, poganiza kuti silimukhudza, pomwe maganizo amenewo ndi omwe amachititsa kuti amayi aulumali azifunsidwa kusikelo kuti mimbayo yatheka bwanji. Gawo la ubale ndi anthu lili ndi mafunso atatu okha, ndiye limodzi likasowa gawo lonse limatsala lolendewera.

Palinso nkhani ya masitepe asanu a mayankho. Pa pepala n'zosavuta kusiyanitsa kukhutira, kukhutira kwambiri, ndi kukhala pakatikati. Pakamwa, Mmalawi amayankha kuti "bola", "choncho", "tikuyesera", "ndi mmene zilili". Wofunsa ndiye amasandutsa mawu amenewa kukhala 2, 3 kapena 4. Ku Chiradzulu, komwe kuli Alhomwe ndi Ayao ambiri, agogo ena mawu a zakukhosi amawapeza msanga m'chinenero china osati Chichewa cha pa fomu. Tikumbukirenso kuti kumasulira komwe kunayesedwa mu mzinda wa Lilongwe sikungangoganiziridwa kuti kumveka chimodzimodzi kwa Nkalo kapena kwa Kadewere.

Pofika apa wina angaganize kuti yankho ndi kungofunsa munthu kuti moyo wake uli bwanji n'kumukhulupirira. Pamenepanso pali dzenje. Kwathu kuno munthu amati "ndili bwino, kaya inu" ali pabedi la m'chipatala ndi diripi pamkono. Amartya Sen analemba mu 2002 kuti ku India anthu a ku Kerala, komwe kuli sukulu ndi zipatala zabwino, ankadzinena odwala kuposa a ku Bihar, komwe anthu amafa msanga. Munthu amene sanaonepo zabwino amachepetsa zomwe amayembekeza. Mtsikana amene sanalowepo m'kalasi, amene wauzidwa chibadwire kuti athokoze poti akudya, angathe kunena kuti ndi wokhutira. Tikalemba 4 n'kuchoka, tagwiritsa ntchito kupirira kwake ngati umboni woti palibe chofunika kukonza. Choncho zomwe Albrecht ndi Devlieger anapeza zisatigonetse tulo. Pali kukhutira kwa munthu amene wamanga moyo wake, ndipo pali kukhutira kwa munthu amene anasiya kupempha. Nambala yokha singasiyanitse ziwirizi. Chomwe chingasiyanitse ndi mafunso a zochitika zenizeni oikidwa pambali pake: mwezi wathawu munapitako kutchalitchi kapena kumzikiti? Kumaliro? Ndalama ya Mtukula Pakhomo amakalandira ndani, ndipo amasankha ndani chogula? Kafukufuku wa momwe anthu aulumali akukhalira, yemwe bungwe la SINTEF la ku Norway linachita ndi FEDOMA ndi University of Malawi mu 2003 n'kumubwereza patapita zaka zoposa khumi, anatsata njira yoteroyo poyerekeza mabanja okhala ndi munthu waulumali ndi mabanja ena. Ndi wotopetsa komanso wodula, koma amaonetsa pomwe pali mpata.

Vuto lomwe ndimaliona lalikulu kuposa onse silili m'mafunso. Lili pa amene akuyankha. Mukafika pakhomo n'kunena kuti mwabwera kudzacheza ndi munthu waulumali, kawirikawiri amene amatuluka ndi mayi ake, mlongo wake kapena mwamuna wake. Amachita izi mwaulemu, ndipo wofunsa amene ali ndi makomo khumi oti amalize dzuwa lisanalowe amavomera. Kwa munthu wosamva, popanda womasulira chinenero chamanja, wachibale ndiye amakhala pakamwa pake. Wosamalira amayankha zomwe akuona ndi zomwe zikumulemera iyeyo, ndipo nthawi zina amakuza mavuto poyembekeza kuti dzina lilowa m'kaundula wa thandizo, kapena amawachepetsa poopa kuoneka wosasamala. Funso loti mumamva kuti ndinu otetezeka silingayankhidwe moona pamaso pa munthu amene mwina ndiye akuopedwayo. Mayankhowa akalowa mu kompyuta amaoneka ofanana ndi a munthu amene anadziyankhira yekha.

Bungwe la World Health Organization linaona ena mwa mavutowa. Mu 2010 Mick Power ndi Ann Green, pamodzi ndi gulu lawo, anasindikiza gawo lowonjezera lotchedwa WHOQOL-DIS, la mafunso 13 okhudza kusalidwa, ufulu wodzisankhira zochita, ndi kutengako mbali pa zochitika za m'dera. Kwa anthu ovutika kuphunzira ndi kumvetsa zinthu anachepetsa masitepe a mayankho kufika pa atatu, n'kuikapo zithunzi za nkhope. Gawoli sindiliona kawirikawiri pa mafomu amene amafika m'midzi, chonsecho mafunso ake ndi omwe anthu aulumali eni ake anathandiza kusankha. Lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la 2012 n'kusandutsa MACOHA kukhala MACODA, lidzafuna njira yodziwira ngati likusintha kanthu m'mudzi. Ndingakonde kuona ophunzira a ku Kamuzu University of Health Sciences akutenga gawoli n'kukakhala nalo pansi ku Nguludi ndi mamembala a MANAD, APAM ndi Malawi Union of the Blind, funso ndi funso, asanapite nalo pakhomo la munthu aliyense.

Sindikunena kuti EQ-5D itayidwe. Kwa wodwala amene wachitidwa opaleshoni ya fupa, yemwe tikufuna kuona ngati pa miyezi itatu wayamba kuponda, ndi chida chabwino, chachangu, ndipo chinayesedwa m'chinenero chathu. Ingotchulidwa ndi dzina lake loona m'malipoti: muyezo wa momwe thupi likugwirira ntchito. Mutu wa tebulo ukanena za ubwino wa moyo wa anthu aulumali, pansi pake pali mafunso asanu aja okha, owerenga ali ndi ufulu wofunsa kuti chitetezo, ndalama, mayendedwe ndi kusalidwa zasiyidwa kuti.

Kwa inu alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya, fomu simusankha ndinu, koma zina zili m'manja mwanu. Pa maphunziro okonzekera kafukufuku, funsani pamaso pa onse kuti woyendera njinga achongedwe pati, ndipo gulu lonse ligwirizane chimodzi musanabalalike. Pakhomo, pemphani mwaulemu kuti mucheze ndi mwini nkhani, ndipo mafunso a chitetezo ndi a m'banja afunsidwe pomwe ena sakumva. Musadumphe funso chifukwa choganiza kuti silimukhudza munthuyo. Mulekeni akane yekha. Ngati wayankha ndi wachibale, lembani zimenezo pamwamba pa fomu ngakhale palibe mzere wake, pamodzi ndi chifukwa chake, kuti wosanthula manambala athe kupatula mafomu amenewo n'kuona ngati akunena zofanana ndi a anthu amene anadziyankhira okha.